NTCHITO YOONETSA ZOVALA IFUNA ZAMBIRI KOPOSA KUKONGOLA

M'chaka cha 1995 mtsikana wina dzina lake Alek Wek analikuyenda pamsika wa ku Crystal Palace mumzinda wa London, pamene mayi wa ku kampani ya Models 1 anamuimika nam'funsa ngati angakonde ntchito yoonetsa zovala, imene ambiri aitcha yaumodelo. Mtsikanayu anabadwa m'chaka cha 1977 ku Wau, mzinda umene lero uli m'dziko la South Sudan, ndipo anafika ku Britain mu 1991 pothawa nkhondo. Pofika 1997 nkhope yake inali pachikuto cha magazini ya Elle, ndipo mbiri yake inawanda pa dziko lonse.

Mbiri yotere ikopa anyamata ndi atsikana ambiri, nayesa kuti chofunika ndicho nkhope yokongola ndi mwayi basi. Komatu mwayi wa pamsika ugwera owerengeka. Otsala onse ayenera kukagogoda okha kwa ejenti, ndiye kampani imene ifunira munthu ntchito kwa osoka zovala ndi eni malonda.

Choyamba chimene ejenti ayang'ana ndicho msinkhu. Pa zionetsero zazikulu za ku Paris, Milan, London ndi New York, kawirikawiri afuna mkazi wotalika mafiti 5 ndi mainchesi 9, ndiko kuti masentimita 175, ndi mwamuna wa mafiti 6 kapena kuposapo. Koma otsatsa sopo, mafoni kapena zakumwa salimbikira za msinkhu, pakuti iwo afuna nkhope yofanana ndi ya ogula awo.

Chachiwiri ndicho zithunzi. Woyamba kumene sayenera kutaya ndalama zambiri kwa wojambula, popeza ejenti afuna kuona munthu monga ali: zithunzi zojambulidwa poyera, nkhope yosadzola, zovala wamba, pamodzi ndi miyeso yoona ya thupi. Chachitatu ndicho kupirira. Modelo apita kukayesedwa malo ambiri, nakanidwa kambiri, ndipo wosasunga nthawi saitanidwanso.

Tsono nkhani yaikulu ili pa ndalama. Ntchitoyi ilibe malipiro a pamwezi. Ejenti woona atengako gawo, kawirikawiri 20 pa 100 iliyonse, ntchito itapezeka kale. Ndalama za ndege, za nyumba yogona ndi za zithunzi zotsatsira modeloyo, ejenti ambiri alipira okha poyamba, koma azilemba monga ngongole ya mwini wakeyo. Kotero munthu akhoza kuyenda pansanja ku Paris nabwerera kwawo chimanjamanja. Mu 2023 nyuzipepala ya Sunday Times ya ku Britain inaulula kuti achinyamata ena otengedwa ku msasa wa othawa nkhondo wa Kakuma ku Kenya, ambiri a iwo a mtundu wa ku South Sudan monga Wek, anapita nawo ku Ulaya, ndipo posakhalitsa anabwezedwa kumsasako ali ndi ngongole. Akuluakulu sananame kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Maboma ena aikapo malamulo. Kuyambira 2017 dziko la France lifuna kuti modelo akhale ndi chikalata cha dokotala chosonyeza kuti ali ndi thanzi, chifukwa ambiri anali kudzipha ndi njala pofuna kuonda. Ku New York lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu June 2025 liletsa ejenti kutenga zoposa 20 pa 100, ndiponso kulipiritsa munthu pom'lemba.

Pamenepa pali chizindikiro chothandiza aliyense, angakhale ali ku Juba, ku Johannesburg kapena ku Blantyre. Munthu wolemba uthenga pa Facebook kapena WhatsApp, wofuna ndalama zolembetsera, zithunzi zamaliseche kapena kusunga pasipoti ya mwini, ameneyo si ejenti ayi, ndipo njira yotereyi ndiyo yomwe ayendamo ogulitsa anthu. Mwana wosakwana zaka 18 asasaine pangano popanda kholo, ndipo wamkulu yemwe ayambe wafunsa: kodi zolipira ndi ziti, pangano litha liti, nanga tikiti yobwerera agula ndani?

Pomaliza, zaka za ntchitoyi n'zochepa kwa ambiri. Wek mwini, pamene anam'peza pamsika paja, anali wophunzira, ndipo pambuyo pake anayamba malonda akeake a zikwama za amayi. Wofuna kum'tsata asataye sukulu chifukwa cha lonjezo la pakamwa.