Kamwana ka mbalame kakagwa m'cisa: thandizo loyamba ndi kukabwezera kwa make

LUSAKA. Mvula ikayamba mu Novembala, mbalame zambiri za mu mzinda wa Lusaka zimakhala zili kalikiliki kumanga zisa ndi kulera ana. Nyengo yomweyi ndi imene mphepo yamkuntho imagwedeza mitengo ya mango m'makomboni a Matero, Chawama, Mtendere ndi Kalingalinga, ndipo tiana ta mbalame timapezeka pansi, tina titanyowa, tina titavulala.

Amene amatitola kawirikawiri ndi ana a sukulu. Amapita nato kunyumba, amatipatsa nsima, amatimwetsa madzi, koma pofika m'mawa tambiri timakhala titafa. Anawo amakhala atacita zimenezi mwa cifundo, kungoti zimene amatipatsazo ndizo zimatipha msanga.

Cinthu coyamba cimene wotola kamwana ka mbalame ayenera kudziwa ndi cakuti tiana tambiri topezeka pansi si tamasiye. Mbalame monga pumbwa, amene amamveka m'mawa uliwonse m'mitengo ya m'makomboni, imatulutsa ana ake m'cisa patangotha pafupifupi masabata awiri cisweredwe. Pa nthawiyo anawo amakhala ndi nthenga thupi lonse, koma mcira umakhala waufupi ndipo mapiko amakhala asanakhwime. Amadumphadumpha pansi kapena pa nthambi za m'munsi kwa masiku angapo, makolo awo akuwabweretsera cakudya komweko. Kamwana kotere sikanasocere. Kali pa msinkhu umene mbalame iliyonse ya mtundu wake imadutsamo.

Ngati kamwanako kali ndi nthenga, maso ali otseguka, kakutha kuimirira ndi kugwira nthambi ndi zala zake, kayenera kusiyidwa. Ngati kali pa msewu, m'mbali mwa ngalande ya madzi, kapena pamene pali mphaka ndi agalu, kangonyamulidwa ndi kuikidwa pa nthambi kapena mu mpanda wa maluwa pafupi pomwepo, kuti makolo akamve kakalira. Kenako anthu acokepo. Make sangatsike anthu atazungulira mwana wake, ndipo ambiri amene amati mbalame yataya mwana amakhala kuti ndi iwo omwe akuitsekereza.

Nkhani imasiyana ngati kamwanako kali kopanda nthenga, kapena kali ndi tiubweya tocepa, maso ali otseka. Kotere sikangakhale ndi moyo kunja kwa cisa ngakhale tsiku limodzi, cifukwa sikatha kudzifunditsa kokha. Cisa cimakhala pafupi, nthawi zambiri pamwamba penipeni pa malo amene kagwera. Cikapezeka, kamwanako kabwezeredwe m'menemo.

Pali cikhulupiriro cofala cakuti mbalame imakana mwana amene wagwiridwa ndi munthu cifukwa ca fungo la m'manja. Zimenezi si zoona. Mbalame zing'onozing'ono zimazindikira ana awo makamaka ndi kulira kwawo ndiponso ndi malo a cisa, ndipo mbalame imene yafungatira mazira kwa masabata awiri siisiya nchito yonseyo cifukwa cakuti dzanja la munthu lakhudza mwana wake.

Ngati cisa cagwa pamodzi ndi ana, monga zimacitikira kwambiri ndi njiwa zimene zimangosanjika timitengo tocepa pa nthambi, cingathe kukonzedwa. Kadengu kakang'ono kapena kambale ka pulasitiki kobooledwa pansi kuti madzi a mvula azituluka, koyalidwa udzu wouma ndi zotsala za cisa cakale, kamamangidwa pa mtengo womwewo pamalo a mthunzi. Makolo ambiri amabwerera ndi kupitiriza kudyetsa ana m'cisa catsopanoco. Munthu aonerere ali patali kwa maola awiri kapena atatu asanaganize kuti makolo sabwera.

Cifukwa colimbikira kubwezera kamwana kwa makolo ndi nchito imene kulera kumafuna. Kamwana kakhanda ka mbalame zodya tizilombo kamadyetsedwa pafupifupi mphindi 15 kapena 20 zilizonse kuyambira m'bandakuca mpaka dzuwa kulowa. Palibe mwana wa sukulu kapena mai wogulitsa pa msika amene angakwanitse zimenezi kwa masabata awiri kapena atatu. Komanso makolo ndiwo amaphunzitsa ana kufuna cakudya ndi kuthawa kabawi. Akuluakulu anati timba sacepa ndi mazira ake, ndipo pa kulera ana a mbalame mau amenewa amakwanira monga momwe alili.

Tilipo tiana timene timafunadi thandizo la munthu. Ndi timene tikutuluka magazi, tathyoka mwendo, phiko lina likulendewera, tazizira ndi kulefuka, tazunguliridwa ndi nyerere kapena nchenche, kapena timene make wapezeka atafa. M'makomboni zovulaza zimadziwika: malegeni a anyamata, ulimbo, zomatira zogwirira makoswe, kudula mitengo imene ili ndi zisa, ndi amphaka.

Za mphaka ziyenera kunenedwa mwapadera. Kambalame kamene kalanditsidwa m'kamwa mwa mphaka kangaoneke kabwinobwino, kopanda bala looneka. Koma m'malovu a mphaka muli tizilombo ta mtundu wa Pasteurella timene timalowa pa kabala kakang'ono ka dzino, ndipo mbalame zambiri zolumidwa zimafa mkati mwa masiku awiri ngati sizinalandire mankhwala kwa dokotala wa nyama. Kambalame komatidwa ndi ulimbo kasakokedwe ndi mphamvu, cifukwa nthenga ndi khungu zimatsalira. Timafuta tocepa tophikira timafewetsa ulimbowo pang'onopang'ono. Parafini ndi woopsa kwa mbalame.

Kamwana kovulala kamafuna zinthu zitatu kasanafune cakudya: kufunda, mdima ndi bata. Kaikidwe m'katoni yobooledwa timabowo ta mpweya, pansi payalidwe kansalu kofewa kopanda ulusi wolendewera umene ungakole zala. Thupi la mbalame limatentha kuposa la munthu, pafupifupi madigiri 40 kapena kupitirira pang'ono, motero kamwana kopanda nthenga kamazizira msanga ngakhale masana a Disembala. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, loikidwa mbali imodzi ya katoni, limakwanira.

Katoniyo isaikidwe pafupi ndi mbaula. Mbalame zimafa msanga ndi mpweya woipa wa makala kuposa anthu. N'cifukwa cake anthu a m'migodi ya malasha ku Britain ankatsika ndi timbalame ta mtundu wa canary kuti tiwacenjeze za mpweya wakupha, mpaka mwambowo unathetsedwa mu 1986.

Kuthira madzi m'kamwa mwa kamwana ka mbalame ndiko kulakwa kofala kwambiri. Khomo la njira ya mpweya lili kumbuyo kwa lilime, pamalo poonekera, ndipo dontho limodzi lingalowe m'mapapo ndi kukatsamwitsa kapena kukadwalitsa cibayo. M'cisa makolo samwetsa ana madzi, popeza madzi onse amacokera m'cakudya. Mkaka wa ng'ombe nawo sugayika m'mimba mwa mbalame. Nsima ndi buledi zimadzaza cithokomiro koma zilibe zomanga thupi ndi mafupa, ndipo kamwana koleredwa ndi zimenezi kakapulumuka kamakula ndi miyendo yopindika ndi nthenga zothothoka. Kamwana kozizira kasapatsidwe cakudya ciliconse, cifukwa mimba yake sigaya kufikira thupi litafunda.

Kakafunda, cotsatira ndi kufunafuna odziwa. Lamulo la nyama zam'thengo la Zambia Wildlife Act la mu 2015 limanena kuti nyama zonse zam'thengo za m'dziko lino zili m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse, ndipo mbalame zam'thengo zili m'gulu limeneli. Kusunga kapena kugulitsa mbalame yotetezedwa popanda cilolezo ndi mlandu. Oyang'anira lamuloli ndi a cigawo ca boma ca Department of National Parks and Wildlife, cimene cinalowa m'malo mwa bungwe la ZAWA mu 2016, ndipo likulu lake lili ku Chilanga. Ku Chilanga komweko kuli malo a Munda Wanga, amene anayamba ngati munda wa maluwa m'zaka za m'ma 1950 ndipo pambuyo pake anayamba kulandira nyama zam'thengo zovulala ndi zolandidwa kwa ozisunga mosaloledwa.

Okhala ku Kalingalinga ndi Mtendere ali pafupi ndi sukulu ya madokotala a nyama ya Samora Machel pa University of Zambia, imene ili ndi cipatala ca nyama. Palinso bungwe la BirdWatch Zambia, limene linakhazikitsidwa mu 1969 ndi dzina lakuti Zambian Ornithological Society. Nchito yake ndi kuphunzira ndi kuteteza mbalame za m'dziko lino, zimene mitundu yake imapitirira 750, ndipo anthu ake angathandize kuzindikira mtundu wa mbalame, cinthu cimene cimalamula cakudya coyenera.

Komabe kucoka ku Kanyama kapena ku George kupita ku Chilanga kumafuna ndalama ya basi ndi tsiku lathunthu, ndipo si banja lililonse lingacite zimenezi cifukwa ca kambalame. Ngati thandizo lacedwa kupitirira tsiku, cakudya ciyenera kufanana ndi cimene makolo akanabweretsa. Tiana timene timayasamula tokha tikamva cinthu cikuyandikira timapatsidwa inswa zocotsedwa mapiko, tiziwala tofewa tocotsedwa miyendo, kapena dzira lowiritsa lophwanyidwa bwino, pang'onopang'ono ndi kamtengo kosasongoka. Tiana ta njiwa sitiyasamula. M'cisa timalowetsa mlomo m'kamwa mwa kholo ndi kumwa cakudya conga mkaka cimene cimapangidwa m'cithokomiro ca atate ndi amai omwe. Cimene cimayandikira kwa ico ndi cakudya ca anapiye ca m'sitolo conyikidwa m'madzi ofunda mpaka cikhale ngati phala. Wogwira mbalame asambe m'manja ndi sopo nthawi zonse, ndipo katoni isakhale pamene pali zakudya za anthu kapena pafupi ndi nkhuku, cifukwa mbalame zam'thengo zimanyamula matenda ena amene angafike kwa anthu ndi ziweto.

Kamwanako kasaseweretsedwe kapena kuzolowezedwa manja. Katswiri wina wa ku Austria, Konrad Lorenz, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1973, anaonetsa ndi ana a atsekwe kuti mbalame yaing'ono imatenga cimene yazolowera kuona m'masiku oyamba kukhala kholo lake. Mbalame yokula ikudziyesa munthu siopa anthu kapena agalu, ndipo ikamasulidwa sikhalitsa. Yoleredwa bwino imamasulidwa m'mawa, pamalo pomwe inatoledwa, ikayamba kudya yokha ndi kuuluka molimba.

Pa tiana tonse, timene timaonongedwa kwambiri m'makomboni ndi ta kadzidzi. Kadzidzi wa nkhope yoyera amakonda kuswera m'siling'i, m'madenga a masukulu, a machalichi ndi a nyumba zosungiramo katundu, makamaka mvula ikamatha ca m'ma Malichi mpaka Meyi, pamene makoswe ndi mbewa zaculuka. Ana ake amakhala ndi ubweya woyera, ndipo usiku amalira mokhala ngati munthu wopuma mobanika. Anthu ambiri akamva zimenezi padenga amati ndi malodza kapena zaufiti, ndipo tianato tikagwa timagendedwa kapena kutenthedwa.

Kulirako ndi kwa njala basi. Anawo amakhala akuitana makolo amene apita kukasaka, ndipo cimene makolowo amabweretsa usiku uliwonse ndi makoswe omwe amaboola matumba a ufa m'nyumba ndi m'misika. Banja limodzi la akadzidzi limamaliza makoswe ambirimbiri pa miyezi iwiri imene ana amakhala m'cisa asanauluke. Komboni imene imapha akadzidzi ndi kumagula mankhwala a makoswe imalipira nchito imene mbalamezi zimagwira kwaulere. Mankhwalawo amaphanso akadzidzi, cifukwa khoswe amene wadya poizoni amayenda mofooka ndipo ndiye amagwidwa mosavuta n'kupatsidwa kwa ana.

Pa kadzidzi wa nkhope yoyera lamulo losiya kamwana pansi siligwira nchito. Makolo ake amadyetsa ana amene ali m'cisa okha, ndipo kamene kagwa pansi kamaiwalika. Kayenera kubwezeredwa padenga pomwe pali anzake, madzulo kusanade, wonyamulayo atakaphimba ndi nsalu yokhuthala cifukwa zikhadabo zake ndi zakuthwa. Kadzidzi wamkulu wa mawanga, uja wa tinthenga tonga makutu, ndi wosiyana: ana ake amatuluka m'cisa asanadziwe kuuluka ndipo makolo amawadyetsa pansi, motero iwo angosiyidwa, agalu atamangidwa.

Kamwana ka kadzidzi kovulala sikoyenera kuleredwa panyumba. Kamafuna khoswe kapena mbewa yathunthu, ubweya ndi mafupa omwe, ndipo kakamadyetsedwa mnofu wokha wa ku buchala mafupa ake amafewa ndi kuthyoka m'masabata ocepa. Kotere kaperekedwe kwa a cigawo ca nyama zam'thengo kapena kwa dokotala wa nyama tsiku lomwelo. Eni nyumba amene safuna akadzidzi padenga adikire mpaka ana onse atauluka, ndipo pamenepo atseke bowo limene mbalamezo zimalowera.