Kompyuta Sidziwa Nkhope ya Mlimi

Mvula yoyamba ili pafupi, mai wina amene anaphunzira nafe pano anandiimika pa msika wa Nyimba, pamene pamakhala ogulitsa nthoci. K400 yake ya FISP inali yomanga pa citenje. Anzake a m'kopaletivu anali atalandira kale uthenga pa foni, koma kwa iye kunali zii. Atapita kukafunsa anauzidwa kuti zake sizikugwirizana ndi za m'sisitemu. "Aphunzitsi," anatero, "kodi sisitemuyo ndani? Amfumu andidziwa, alangizi andidziwa, munda wanga uli m'mbali mwa mseu. Iyeyo sandidziwa bwanji?"

Funso limeneli liyenera kuyankhidwa mofatsa, pakuti lero mbeu, fetereza, inshuwalansi ndi ndalama za mlimi zimadutsa m'makina amene ambiri a ife sitinawaonepo.

Tiyambe ndi kompyuta yeniyeniyo. Si cokhaco ca pa tebulo la mu ofesi. Foni imene ili m'thumba mwanu, ngakhale ya mabatani, ndi kompyuta yaing'ono. Nchito yake ndi kulandira zimene yapatsidwa, kuzisunga, kuzicita monga inalangizidwira, ndi kutulutsa yankho. M'kati mwake muli tizitseko ta magetsi tambirimbiri, ndipo kalikonse kamangokhala kotseguka kapena kotseka, monga swici ya nyale ya sola. Akatswiri amalemba kotseka ngati 0, kotseguka ngati 1. Dzina lanu, cithunzi ca mwana wanu, nyimbo ya kwaya, zonse zimasungidwa mwa ziwiri zomwezi. Cilembo A, mwacitsanzo, cimasungidwa ngati 01000001. Cotulukapo cake n'cakuti makina sadziwa mau akuti "zatsala pang'ono kufanana". Zinthu ziwiri zimafanana ndendende, apo ayi n'zosiyana.

Ndi pamene panagona vuto la mai uja. Titafufuza tinapeza kuti pa pepala la kopaletivu, 7 wa m'nambala ya foni yake analembedwa mwacangu n'kuoneka ngati 1. Wolowetsa m'kompyuta analemba cimene anaona. Uthenga unatumizidwa ndithu, koma unapita kwa munthu wina amene mwina sanagwirepo khasu.

Uthengawo umacokera m'kaundula wamkulu wa alimi, dzina lake ZIAMIS, umene Unduna wa Zaulimi umagwiritsa nchito. Kaundula wotere akatswiri amati database. Muuganizire ngati buku lalikulu la mizere: mlimi aliyense ali ndi mzere wake, ndipo pa mzerewo pali dzina, nambala ya reji, nambala ya foni, kampu, kopaletivu. Alimi a FISP amapitirira miliyoni imodzi, ndipo ku Petauke kokha a Tembo, a Daka ndi a Lungu a maina ofanana ndi osawerengeka. N'cifukwa cake makina sadalira dzina. Amadalira nambala ya reji, ija ya manambala 6, kenaka 2, kenaka 1, popeza siyenera kukhala ya anthu awiri. Kwa kompyuta, mlimi ndiye mzere umenewo. Ngati mzere uli wolakwika, ngakhale mutaima pamaso pake ndi makasu onse a pamudzi, simulipo.

Tsono makina amatsata ndondomeko imene anthu anailemba, imene m'Cingerezi amati algorithm. Inu mumaidziwa kale, ngakhale simunaichule conco. Pokonza manyowa a kompositi timati: yala mapesi, thira ndowe, waza madzi, gwira m'kati, ngati mwatentha dikira, ngati mwazizira tembenuza. Ndondomeko ya kompyuta ndi yotero: kodi reji iyi ili m'kaundula? Ngati inde, kodi K400 yalipiridwa? Ngati inde, kodi nambala yacinsinsi imene wabweretsa ikugwirizana ndi imene tinatumiza? Pakakhala "iyayi" mmodzi yekha, nchito imaima. Kusiyana kwake n'kwakuti inu mukaona kuti mapesi ndi onyowa kale mumacepetsa madzi. Makina sacepetsa kanthu. Sacita cifundo, komanso salandira nkhuku ya ciphuphu.

Pa mfundo yomalizayi ine ndiima kumbali ya makina. Thandizo la fetereza linayamba mu 2002, ndipo amene analipo akumbukira maina a anthu omwalira akulandira matumba, ndiponso magalimoto akufika cimanga citayamba kale kumasula. Njira ya e-voucher inayesedwa coyamba mu 2015 m'maboma 13, inafika dziko lonse mu 2017, ndipo mavuto a netiweki ndi kucedwa kwa malipiro anacititsa kuti maboma ambiri abwerere ku njira yakale, asanayambenso kulowa pang'onopang'ono. Kaundula wa pa kompyuta amagwira msanga reji imene yalembedwa kawiri, cinthu cimene mlembi wa mapepala angathere mwezi osacipeza. Koma mtolo wa njira yatsopanoyi sugwera onse mofanana. Umalemera kwambiri kwa gogo amene saona bwino zolemba, kwa mai amene pa mzere wake panalembedwa foni ya amuna ake, ndi kwa onse okhala kutali ndi nsanja ya netiweki.

Foni simalankhula ndi Lusaka mwacindunji. Imatumiza mafunde ku nsanja yapafupi, nsanja nayo imapereka kwa inzake kapena ku nthambo, mpaka uthenga ufike ku makina aakulu osunga kaundula. Mafunde amenewa amatsekerezedwa ndi mapiri. Ndiye cifukwa cake m'mbali mwa Great East Road foni imagwira, koma mukatsikira ku cigwa kwa Luembe kapena kwa Nyalugwe mumafika pokwera culu. Nsanja imafunanso magetsi. Mu 2024, madzi a ku Kariba atatsika ndipo magetsi akuzimitsidwa maola ambiri, netiweki nayo inkadukaduka. Cilala cimodzi cinaumitsa cimanga n'kutsekanso pakamwa pa foni.

Cilala comweco, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024, cinadzutsa funso lina m'kalasi mwathu: inshuwalansi ya nyengo imadziwa bwanji kuti munda wanga wauma pamene palibe anabwera kudzauona? Yankho ndi setilaiti. Ili kumwamba, imayesa kuzizira kwa pamwamba pa mitambo, ndipo kompyuta imawerengera mvula imene iyenera kuti inagwa pa dera lonse la makilomita angapo. Ciwerengero cikatsika kupyola malire oikika, malipiro amatuluka. Ubwino wake ndi kuchipa ndi kufulumira. Koma tonse tidziwa kuti mvula imatha kugwa tsidya lino la dambo n'kusiya tsidya linalo. Mlimi angataye zonse pamene dera lake likuoneka kuti linalandira mvula yokwanira. Setilaitiyo sinaname, inayankha funso limene inafunsidwa, ndipo funsolo silinali la munda wanu. N'cifukwa cake timalimbikirabe kuti mukhale ndi kacitini koyesera mvula ndi kabuku kolembamo.

Patsala nkhani ya PIN. Popeza makina saona nkhope, aliyense wodziwa manambala anu acinsinsi amakhala inu. Akuba adziwa zimenezi kuposa ife. Sathyola kompyuta; amaimba foni mwaulemu, amati akucokera ku kampani ya foni kapena ku boma, kuti mwapambana mphoto kapena kuti dzina lanu la FISP lifunika kukonzedwa lero lomwe. Wogwira nchito woona safunsa PIN yanu. Musaike caka cimene munabadwa, pakuti cili pa reji. Musaiwerenge mokweza pa kabuthi ka Airtel Money kapena MTN. Ndipo nambala ya uthenga wa fetereza musaipereke kwa "wothandiza" wa pakhomo la sitolo. Ili ngati matumba enieniwo. SIM nayo ikhale yolembetsedwa pa reji yanu, osati ya mdzukulu amene mawa adzakwera basi ya ku Lusaka ali nayo m'thumba.

Mai wa ku Nyimba uja mzere wake unakonzedwa kudzera kwa mlangizi wa kampu, koma anabzala mocedwa ndi milungu itatu, ndipo inu amene munayesa nafe munda wa masiku obzalira mudziwa cimene milungu itatu imacotsa m'nkhokwe. Caka cino tisadikire Novembala. Amene muli pano, Sabata likatha, pa Sande m'mawa, bwerani ndi reji ndi foni. Tidzafananitsa nambala imodziimodzi ndi zimene zili pa mapepala a makopaletivu anu. Amene muli kumidzi, pitani kwa mlangizi wanu kaundula asanatsekedwe, mupemphe kuti akuwerengereni mzere wanu mokweza, inu mutagwira reji m'manja.