Musanalembe dzina la Montessori pakhoma la mkombaphala, fufuzani kaye

Amayi anzanga, nyengo yothyola fodya ikafika kuno ku Kasungu mumadziwa nokha mmene tsiku limayendera. Mbandakucha muli m'munda, masana muli m'chigafa kusoka, mwana wa zaka zitatu ali pambali panu akuseweretsa masamba. Tsamba la fodya likanyowa ndi mame, nikotini amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Mwana amamva chizungulire, mutu ndi nseru, mwinanso kusanza kumene. Choncho ngati gulu lanu likuganiza zotsegula sukulu ya mkombaphala pa tchalitchi, kapena kukonza imene ilipo, mwaganiza bwino.

Pokambirana zimenezi, wina adzatchula dzina la Montessori, limene timaliona pa zikwangwani za sukulu za nazale m'matauni. Dzina lokhalo silitsimikiza kanthu, chifukwa m'mayiko ambiri aliyense atha kulilemba pakhoma. Safunsa anadya phula. Musanasonkhe ndalama za gulu, sankhani amayi awiri kapena atatu, muwagulire kope, ayambe kusonkhanitsa zoona zake za njirayi.

Ayambire pa mwini wake. Maria Montessori anabadwira ku Italy mu 1870, ndipo anamaliza maphunziro a udokotala ku Rome mu 1896. Pa 6 Januwale 1907, tsiku la Epifania, anatsegula nyumba ya ana yotchedwa Casa dei Bambini ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Rome. Makolo a anawo ankachoka m'mawa kupita kuntchito, ana n'kumangoyendayenda opanda owayang'anira. Vuto lake ndi lomweli tili nalo m'midzi yathu.

Mayiyu ankakhala pansi n'kumayang'anitsitsa ana, n'kumalemba zimene waona. Anapeza kuti mwana akapatsidwa ntchito yeniyeni yolingana ndi manja ake, monga kuthira madzi, kusesa, kumanga mabatani kapena kutsata chilembo ndi chala, amaibwereza mwakachetechete mpaka ataidziwa. Pa chifukwa chimenechi, m'kalasi yotsata njirayi ana a zaka 3 mpaka 6 amakhala pamodzi, zipangizo zimaikidwa pamunsi poti afikire, mwana amasankha yekha ntchito, ndipo mlezi amaonetsa kachitidwe kenaka n'kupatuka. Zonsezi anazifotokoza m'mabuku ake, monga The Montessori Method, lomwe linatuluka m'Chingerezi mu 1912, ndi The Absorbent Mind la mu 1949. Pemphani bambo mfumu, masisitere kapena aphunzitsi a m'parishi akuthandizeni kuwapeza ndi kukumasulirani.

Kenaka afufuze zimene ena anapeza atayesa njirayi. Mu 2006 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa Angeline Lillard ndi Nicole Else-Quest, amene anachitika ku Milwaukee, m'dziko la America. Ana ankalowa pasukulupo mwa maere, ndiye ofufuzawo anayerekeza amene maere anawagwera ndi amene sanawagwere. Ana a zaka 5 a m'kalasi ya Montessori anachita bwino pa zilembo, masamu ndi kakhalidwe ndi anzawo. Komabe polemba m'kope musaiwale kuti inali sukulu imodzi, ana oposa 100 pang'ono, m'dziko lolemera. Nkhani iliyonse imene mwapeza, ngakhale ya pa foni, muziifunsa mafunso atatu: walemba ndani, anayesa ana angati, nanga ali ndi chimene akugulitsa?

Chitsanzo choyandikira moyo wathu chili ku Kenya. Ziwawa zotsatira chisankho cha 2007 zitathamangitsa anthu m'makomo mwawo, bungwe la Association Montessori Internationale, limene mayi Montessori anayambitsa mu 1929, linagwirizana ndi Dayosizi ya Nakuru n'kutsegula sukulu ya Corner of Hope pa msasa wa othawawo mu 2010. Aphunzitsi anachokera mwa anthu a pamsasa pomwepo, ndipo pa maphunziro awo anaphunzira kupanga zipangizo ndi manja awo. Mu Mpingo wathu njirayi si yachilendo: Katekesi ya Mbusa Wabwino, imene Sofia Cavalletti ndi Gianna Gobbi anayamba ku Rome mu 1954, inamangidwa pa maganizo omwewa.

Musalumphe za kwathu kuno. Dziko la Malawi lili ndi ndondomeko ya kaleredwe ndi kakulidwe ka ana aang'ono kuyambira mu 2003, ndipo sukulu za mkombaphala za m'midzi zimayang'aniridwa ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Pitani mukafunse za kalembera wa sukulu yanu ndi za maphunziro a alezi. Mlezi wosaphunzitsidwa amangoimbitsa ana zilembo tsiku lonse, ngakhale pakhoma patalembedwa dzina lotani.

Umboni wotsiriza mudzaupeza nokha. Kwa milungu iwiri, yalani mphasa pamthunzi, muikepo tizikho tothirira madzi, kachisache kakang'ono, zitsekerero za mabotolo zowerengera ndi lichero la mchenga lolembamo zilembo. Nyemba ndi chimanga muzitalikitse kwa makanda, angatsamwe nazo. Onetsani kamodzi, mukhale chete, mulembe: ndani wasankha chiyani, wakhalapo nthawi yaitali bwanji, wabwereza kangati.

Pa msonkhano wa gulu wotsatira, bwerani ndi kopelo. Muwerenge zimene mabuku anena, zimene a ku boma ayankha ndi zimene ana anu achita pamphasa paja. Mukatero mudzadziwa choyenera kugula ndi chosayenera, ndiponso mayi amene mungamutumize kumaphunziro a ulezi. M'mera mpoyamba. Yambani tsopano, kuti fodya wa chaka chamawa akadzafika pothyola, ana adzakhale ali ndi kopita.