Mfuti Anaibweza, Khasu Anafa Nalo

Kumudzi wina wa m'boma la Dedza, kumene mtsinje wa Linthipe umayenda mokhotakhota pakati pa madimba a nyemba ndi masamba, kwatsikira kuli chete mkulu amene ana, zidzukulu, alendo ndi anyakwawa omwe ankangomutchula kuti Akopolo, ngakhale kuti ukopolowo anauvula pamodzi ndi yunifolomu Azungu asanachoke m'dziko muno. Tsiku limene anabadwa silinalembedwe m'buku lililonse, pakuti masiku amenewo mwana ankawerengedwa zaka ndi njala, dzombe kapena imfa ya mfumu. Koma popeza eni ake ankanena kuti pamene dzombe linaphimba dzuwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1930 n'kuti iwo ali kale mbusa wodalirika wa mbuzi za amalume awo, akulu a mpingo atawerengera pa zala anagwirizana kuti zaka 100 anazikwanitsa, kapena anazipitirira pang'ono.

Nkhondo sinali chinthu chachilendo pabanja pawo. Atate awo anali mmodzi wa amuna ambirimbiri amene pa nkhondo ya 1914 anagwidwa utengatenga, nasenza katundu wa asilikali pamutu m'mathengo a ku Tanganyika ndi ku Mozambique, kumene ambiri anatha ndi njala ndi kamwazi osaombako mfuti ngakhale kamodzi. Ndipo ndi mazunzo a nkhondo za eni ake otere amene John Chilembwe anawadandaula polembera nyuzipepala ya Azungu asanaukire boma m'chaka cha 1915. Munthu angaganize kuti mwana wa tengatenga akadathawira kuphiri pakumva lipenga. Koma mnyamata wa nthawi imeneyo analibe njira zambiri: msonkho unkamudikira chaka ndi chaka, ndipo ndalama yake inkapezeka ku migodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela, m'minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia, kapena ku Keyala. Tsono pamene nkhondo yachiwiri inabuka m'chaka cha 1939, bwanamkubwa natumiza mawu kwa mafumu kuti apereke anyamata, ena anapita chifukwa mfumu inawaloza ndi chala, ena chifukwa cha malipiro, ndipo ena, monga Akopolo ankavomerezera akuseka, chifukwa cha jombo ndi chisoti zimene atsikana ankazicheukira.

Gulu limene analowalo linali ndi mbiri yake kale. Keyala, kapena kuti King's African Rifles, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, ndipo magulu ake awiri oyamba anali a amuna a ku Nyasaland, okhala ndi likulu lawo ku Zomba, pamalo amene lero ndi Cobbe Barracks. Iwowa ndiwo analimbana ndi Ataliyana pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Abyssinia, m'chaka cha 1940, ndipo n'chifukwa chake malo a asilikali a ku Mzuzu amadziwika ndi dzina limenelo kufikira lero. Addis Ababa anagwa mu Epulo 1941, Madagascar inatsatira m'chaka cha 1942, ndipo pofika kumapeto a nkhondo amuna pafupifupi 30,000 a dziko lino anali atavalako khaki wa Mfumu George. Akopolo analowa mochedwerapo, kotero kuti gawo lawo linawagwera kutali kopambana. Ataphunzira perete ku Zomba ndi ku Kenya, anakwezedwa sitima ya pamadzi ku Mombasa, iwo amene madzi aakulu amene anali atawaonapo anali Linthipe akasefukira, nakatsikira ku Ceylon, kumene anaphunzitsidwa nkhondo ya m'nkhalango. Ndipo m'chaka cha 1944 analowa m'dziko la Burma pamodzi ndi gulu lalikulu la 11th East African Division, pansi pa ulamuliro wa General Slim.

Ntchito imene anapatsidwa kumeneko inali yolondola Ajapani amene ankabwerera m'mbuyo atagonja ku Imphal ndi ku Kohima, ndipo njira yake inadzera m'chigwa cha Kabaw, m'nyengo ya mvula ya kumeneko imene imagwa usana ndi usiku kufikira misewu itasanduka phala, m'dera limene linkaopedwa chifukwa cha malungo ndi nthenda ya nthata koposa chifukwa cha zipolopolo. Magalimoto anatitimira, chakudya chinkaponyedwa kuchokera m'ndege, misundu inkalowa m'jombo, ndipo munthu ankagona chovala chili chonyowa, nadzuka chili chonyowabe. Komabe anayenda, akulambula njira m'nsungwi ndi zikwanje, mpaka anafika ku Kalewa, m'mphepete mwa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro a Disembala chaka chomwecho. Anzawo amene anagwa m'njira anaikidwa kumeneko, popanda adzukulu, popanda mbumba yolira, ndipo ichi ndicho chinkawawawa Akopolo kufikira ukalamba: kufa sankakuona chachilendo, koma kugona m'dothi limene mlongo wako sadzalipondapo.

Za kupha ndi kuphedwa sankakonda kukamba, ndipo mwana akawaumiriza ankamutuma madzi akumwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma muwafunse za minda ya ku Ceylon ndi ku India, mukadakhala pakhonde mpaka nkhuku kulowa. Ankafotokoza m'mene anthu a kumeneko amadulira phiri m'masitepe kuti madzi atsike mofatsa kuchoka m'munda wina kulowa m'munda wina, m'mene njati, imene kwathu kuno ndi chilombo choopsa, imakokera pulawo m'matope ikuyendetsedwa ndi kamwana, ndiponso m'mene ndowe sizitayidwa ngakhale pang'ono. Anapita kunkhondo ndi maso a mlimi, ndipo zimene maso amenewo anatola ndizo anabwera nazo.

Pakuti zina zimene anabwera nazo m'chaka cha 1946 zinali zochepa ndithu: mamendulo, bulangete, chijasi, ndi kandalama kothokoza. Malemba a boma la Britain amene anaululika m'chaka cha 2019 anasonyeza kuti pa magulu a kum'mawa kwa Africa msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda ankawerengeredwa atatu ndi theka, ngati kuti chipolopolo chinkayamba chafunsa khungu chisanalase. Anzawo ena anagula makina osokera nakhala atelala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, ena anatsegula makantini amene sanakhalitse, ena anakhala oyendetsa malole pogwiritsa ntchito luso la kunkhondo, ndipo ena ndalamazo zinathera m'chipanda. Akopolo anagula njinga ndi makasu, nakwatira kutsidya la mtsinje. Ndipo apa ndi pamene mwambo wa Achewa unawaonetsa kuti mikwingwirima ya paphewa ilibe mawu pabwalo la apongozi, pakuti munthu amene dzulo ankalamula amuna ndi liwu limodzi anapezeka ali mkamwini, wolawira m'mamawa kukalima munda wa amake a mkazi wake ndi kupatuka m'njira akawaona akubwera. Ukamwiniwo anaupirira mwaulemu, ndipo za chitengwa sanapemphe konse. Usilikali unkangotulukira pa mganda, pamene ankaimika anyamata pamzere nawadzudzula chifukwa cha mapazi osagwirizana.

Zaka zotsatira zinali za malimidwe, mawu amene okalamba amawatchulabe ndi mkwiyo. Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linalamula kuti aliyense alime mizere yopingasa, akumbe migula, azule mapesi pa nthawi yoikika, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa, kutsekeredwa, kapena kuona mbewu zake zikuzulidwa ndi akapitawo. Akopolo anali pakati: mizere yopingasa anaiyamba okha asanauzidwe, popeza anali ataona ndi maso awo phindu losunga madzi paphiri, koma chikwapu chimene chinadza nayo anachida ndi mtima wonse, nanena kuti nzeru yolowa ndi chindapusa imatuluka tsiku limene wolipiritsa wachoka. Mbiri inawavomereza, pakuti chidani cha malimidwe chinathandiza kusonkhezera moto wokana chitaganya cha 1953, ndipo ufulu utayandikira ambiri anagumula migula, yabwino ndi yoipa yomwe, pongofuna kuonetsa kuti munda ndi wawo.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'chaka cha 1949 mvula inadula, chigawo cha kummwera chinapsa, ndipo amuna a ku Blantyre ndi ku Lunzu anayenda mitunda yaitali kukwera kumapiri a Ntcheu ndi Dedza kukasuma. Nkhokwe ya banja latsopanolo inali yaing'ono, koma okalamba a m'mudzimo amakumbukira kuti palibe mlendo amene anabwezedwa pakhomopo chimanjamanja, ndiponso kuti anali mayi wa pakhomo amene ankayeza ndi lichero, bambo atangoima patali. Chifukwa pa Achewa nkhokwe ndi ya mkazi, ndipo tingachimwe tikapatsa Akopolo okha ulemu umene unali wa awiri.

Kuyambira pamenepo moyo wawo unayenda ndi nyengo. Anaona Kamuzu akubwera m'chaka cha 1958, mbendera ikusintha m'chaka cha 1964, mapaundi akusanduka makwacha ndi ADMARC ikutsegula misika yake m'chaka cha 1971. Anaona feteleza akufika, akukwera mtengo, nadzabweranso ndi makuponi m'chaka cha 2005. Chimanga cha haibulidi anachilandira, koma chamakolo sanachitaye, pakuti ankati chimakonoleka bwino mumtondo ndipo anankafumbwe sachilowa msanga. Ndipo mbewu yake ankaisankha okha, naimangirira kutsindwi la khitchini kuti utsi uisunge. Pa njala ya 2002, pamene anthu anadya mizu ya nthochi ndi gaga, ndipo akuba chimanga chachiwisi ankachitidwa nkhanza zosaneneka m'midzi yambiri, nkhalambayi inaletsa zidzukulu zake kumenya mnyamata amene anagwidwa m'munda mwawo, nimulamula kuti apalire mizere ingapo, kenaka adye, anyamuke.

Dziko lathu limakumbukira anthu otere kamodzi pachaka, Lamulungu lachiwiri la Novembala, pamene akuluakulu amavala duwa lofiira pachifuwa naika nkhata pa chipilala cha ku Zomba, cha ku Area 18 mu Lilongwe ndi cha ku Mzuzu; ndipo bungwe la Veterans and Ex-Service League of Malawi limayesetsa kusamala otsalawo, amene tsopano ngowerengeka. Mwambowo ngwabwino, ndipo sindiunyoza. Koma Novembala ndi mwezi wa mvula yoyamba, ndipo Akopolo kawirikawiri tsikulo linkawapeza akuchokera kutchalitchi kupita kukayendera mizere, maso ali kumitambo. Ine ndimaona kuti pamene tiyamika zaka zisanu zimene anasenza mfuti ya mfumu ya eni, n'kusiya zaka zoposa 70 zimene anadyetsa mbumba ndi alendo, osagulapo ufa kufikira mawondo atakana, timakhala tawerenga mbiri yawo ndi maso a iwo amene anawalemba usilikali.

Maliro anayenda mwa Chikhristu, amvano akuimba usiku wonse pasiwa, ndipo mamendulo anaperekedwa kwa mwana wa mlongo wawo, monga mwa mwambo. Nkhani imene yatsala ndi ya munda. Pamene Akopolo ankachoka ku India, anthu a dziko lino anali ongopitirira pang'ono 2 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Munda umene apongozi awo anawalozera, umene unkatha masabata kuti aupalire, unagawidwa kale kwa ana aakazi, nugawidwanso kwa ana a anawo, ndipo kachigawo kamene nkhalambayo inadzisungira kuseri kwa nyumba tsopano akukayang'ana adzukulu aakazi angapo, aliyense ali ndi ana ake ndi mkamwini wake. Mwinimbumba wanena kuti adzakhala pansi akakolola, ndipo nyakwawa yachenjezeratu kuti malo ena oti ipereke ilibe.