Chammwamba ndi Shuga: Tsamba Lithandiza, Koma Musataye Mapiritsi

Pa msika wa Liwonde kapena wa Balaka simungasowe munthu wogulitsa ufa wa chammwamba kapena masamba a nimu, ndipo ambiri ogula ndi odwala matenda a shuga. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 adapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse m'Malawi muno, pafupifupi 6 anali ndi matendawa. Kodi zitsambazi zimachitanji m'thupi?

Tikadya nsima, m'matumbo imasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Insulini, yomwe imapangidwa m'kapamba, ndiyo imatsegulira shugayo njira yolowera m'minofu kuti atipatse mphamvu. Ikachepa kapena ikafooka, shuga amaunjikana m'magazi, chiwindi nacho n'kumawonjezera wina. Mafuta nawonso amachuluka m'magazi ndi m'chiwindi, mitsempha n'kuyamba kuphinjika. Apa m'pamene pamayambira sitiroko, matenda a mtima ndi zilonda za kumapazi zosapola.

M'masamba a chammwamba muli zinthu monga quercetin ndi chlorogenic acid, zomwe zimachedwetsa kusanduka kwa chakudya kukhala shuga. Nako kuterera kwa therere kumachititsa kuti shuga alowe m'magazi pang'onopang'ono. Atayesera pa makoswe, akatswiri adaona shuga ndi mafuta zikutsika, koma pa anthu adayesa ochepa okha ndipo zotsatira zake sizifanana.

Ngakhale metformin, piritsi lomwe odwala ambiri amalandira ku chipatala cha Balaka ndi cha Machinga ku Liwonde, gwero lake ndi chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis. Dokotala wa ku France, Jean Sterne, ndiye adalengeza mu 1957 kuti mankhwalawa amathandiza anthu odwala shuga. Kusiyana kwake n'kwakuti piritsi lili ndi muyeso wodziwika, pomwe mphamvu ya tsamba imasintha malinga ndi nthaka, nyengo ndi kaumitsidwe kake.

Ngozi zilipo ziwiri. Wina amasiya mapiritsi poganiza kuti wachira, shuga n'kumawononga maso ndi impso mwakachetechete. Wina amaphatikiza zitsamba zambiri ndi glibenclamide kapena jakisoni wa insulini, shuga n'kutsikitsitsa: kunjenjemera, thukuta, chizungulire, mwinanso kukomoka. Zikatero, ngati wodwala akutha kumeza, m'patseni madzi a shuga ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Tsono idyani chammwamba ngati ndiwo, pamodzi ndi nsima ya mgaiwa yochepa, nyemba ndi therere. Pitirizani mankhwala, yezetsani magazi pa tsiku lanu, ndipo uzani adokotala chilichonse chomwe mukumwa kunyumba, osachita manyazi. Inu a m'miphakati, mukapita kukazonda wodwala shuga, pempherani naye, kenaka mufunseni ngati mapiritsi akadalipo. Mulungu amene adameretsa tsamba ndi yemweyo adapatsa dokotala nzeru zoliyeza.