GAGA WOCURUKA NDI KHOLA LONYOWA ZITHA MBUZI

Wolemba Mtolankhani Wathu

Pofika mwezi wa Okutobala, pamene msipu wauma ndipo madambo aphwa, alimi ambiri a ku Katete, Petauke ndi Chadiza amasankha mbuzi yothena imodzi kapena ziwiri nazimangirira pafupi ndi nyumba kuti zinenepe. Colinga cao ndi cakuti adzazigulitse pa Khrisimasi, apeze ndalama za feteleza wobereketsa ndi zobvala za ana a sukulu. Cakudya copezeka msanga pa nyengoyi ndi gaga, ndipo mwini mbuzi amathira mosaumira. Komatu mbuzi yosamalidwa motereyi nthawi zina ndiyo imayamba kufa, zinzake zongodzidyera kuthengo zili bwinobwino.

Cimene cimaipha ndi timiyala ta m'cikhodzodzo. Mu gaga ndi m'cimanga muli mcere wochedwa fosiforasi wambiri, koma kashiamu, amene ayenera kuposa fosiforasi kawiri m'cakudya ca mbuzi, ndi wocepa. Mbuzi ikamadya gaga yekhayekha, madzi nimamwa pang'ono, mcerewu umaundana mu mkodzo nkukhala ngati mcenga. Yaikazi sibvutika kwenikweni popeza njira yake ya mkodzo ndi yaifupi ndiponso yotakasuka. Ya mbuzi yaimuna ndi yaitali, yokhota, ndipo kumapeto kwake kuli kansonga kopyapyala kumene timiyalato timakakamira. Yothenedwa ikali yaing'ono kwambiri ndiyo ili pa ngozi koposa, cifukwa njirayo siikula mokwanira.

Mbuzi yodwala imaleka kudya, imaima motambalala, imadzikakamiza nkumalira, mcira ukugwedera. Mkodzo umangodontha kapena osaturuka konse, ndipo pa ubweya wa pamalo pokodzera pamaoneka timcenga toyera. Apa ndi pamene ambiri amasokera. Poona kudzikakamizako amati mbuzi yadzimbidwa, naimwetsa mafuta ophikira, nkumadikira kuti kuce. Mafutawo sangafike kumene kwatsekeka. Pakangopita tsiku limodzi kapena awiri cikhodzodzo cikhoza kuphulika. Zikatero mbuzi imaoneka ngati yapeza bwino kwa kanthawi, kenaka mimba imatupa ndipo imfa siicedwa.

Wa zaciweto wa boma akaitanidwa tsiku lomwelo angathe kudula kansonga kaja kuti njira itseguke, ndi kupereka mankhwala a ammonium chloride osungunula timiyala totsala. Nchito imeneyi si ya lumo la m'nyumba ai. Mbali ya mlimi ndi kupewa: gaga akhale wongoonjezera, cakudya ceniceni cikhale udzu, masamba a mitengo, zotsalira za nshawa ndi nyemba, zimene zili ndi kashiamu wambiri. Madzi oyera asasowe pamene mbuzi yamangiriridwa, ndipo kamcere pang'ono kamaicititsa ludzu kuti izimwa kawirikawiri. Kuthena kudikire mpaka kamwana katakwanitsa miyezi 3 kapena kuposerapo.

Mvula ikagwa bvuto limasamukira kwa zazikazi. Mbuzi yoyamwitsa ikagona m'khola la matope ndi ndowe, tizirombo timalowa pa kabowo ka nsonga ya bere kapena pa cilonda. Zilondazo kawirikawiri zimadza ndi minga, ndi nkhupakupa za mawangamawanga zija zimene zimakonda kuluma pa bere, ndiponso ndi nthenda ya nkhanambo za pakamwa pa tiana, imene timapatsira mai wao poyamwa.

Woyamba kuulula matendawa ndi kamwana. Mukamva kakulira kosalekeza, mai wake akukaponda kakafuna kuyamwa, gwirani bere. Lodwala limakhala lotentha, lolimba, mbali imodzi yaikuru kuposa inzake, ndipo mbuzi imayenda motsimphina. Kamirani mkaka pang'ono m'mbale yakuda: ukaturuka wa mibulu, wamadzimadzi, wa mafinya kapena wa magazi, bere lagwidwa. Likamasanduka lobiriwira ndi lozizira, ndiye kuti layamba kuola, ndipo moyo wa mbuziyo uli m'manja mwa dokotala wa ziweto basi.

Poyembekezera thandizo, patulani mbuziyo pamalo pouma, thowani bere ndi nsaru ya madzi ofunda, ndipo kamani mbali yodwalayo kangapo pa tsiku. Mkakawo mutaye kutali ndi khola. Sambani m'manja ndi sopo mukatha, pakuti nkhanambo zija zimagwiranso anthu. Kamwana kayamwe mbali yabwino, kapena mukayamwitse kwa mbuzi ina. Mbuzi ikabayidwa jekeseni, mkaka ndi nyama yake siziyenera kudyedwa kufikira atatha masiku amene wopereka mankhwala wanena. Ena amasiya mankhwala panjira akangoona kuti kutupa kwaphwa. Bere lotero limauma mbali imodzi, ndipo mbuzi yobereka mapasa imadzalera kamodzi kokha caka camawa.

Khola la m'mwamba, loyalidwa mitengo yokhala ndi mipata yoti ndowe ndi mkodzo zizigwera pansi, limacepetsa kwambiri matenda a bere. Mitengo ndi udzu wofolera zipezeka pamudzi pomwepo, ndipo nthawi yabwino yolimanga ndi mvula isanayambe.