Kamzere koyera m'mphepete mwa denga

Anthu omanga kwawo ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town sakukhutiranso ndi pulani ya papepala. Akufuna aione nyumbayo itaima pa puloti yawo njerwa imodzi isanaikidwe. Choncho ojambula mapulani amaimanga pakompyuta, n'kuikhazika pa chithunzi cha malowo chomwe wachibale watumiza pa WhatsApp.

M'kaofesi kena ku Limbe, pamwamba pa sitolo ya nsalu, mnyamata wina anali ataweramira pakompyuta nyumba ya zipinda zinayi, ya malata obiriwira, khonde lake la zipilala zitatu. Kumbuyo kwa nyumbayo kunali phiri la Ndirande, mtengo wa mango ndi mulu wa mchenga. Dzuwa analilunjika bwino, mthunzi ukugwera komwe wagwera wa mangowo. Koma m'mphepete mwa denga, pazipilala ndi pazitsulo zonse za mawindo pankayenda kamzere koyera, kopyapyala ngati ulusi. Aliyense akanadziwa kuti nyumbayi yangomatidwa.

Atakulitsa chithunzi, chifukwa chake chinaoneka. Kompyuta imasalaza m'malire posakaniza mtundu wa denga ndi wa kumbuyo. Alpha, yomwe imayambira pa 0 kufika pa 255, imanena kuti kadontho kalikonse kaoneke kwambiri bwanji. Kadontho ka m'malire kamakhala katanyamula kale kuyera kwa kumbuyo kwakale, ndipo pa phiri lakuda kuyerako sikubisika.

Mkangano uli pa kachotsedwe kake. Ambiri amadya mask, yomwe imadula nyumbayo kuichotsa ku zakumbuyo, ndi pixel imodzi kapena ziwiri, kapena amadina Defringe mu Photoshop, ntchito n'kutha mphindi zochepa. Ena amakana kwamtuwagalu. Amati njirayi imadyanso zinthu zowonda: zitsulo za mawindo zimaduka, waya wa mpanda amasowa, masamba amaoneka ometedwa. Kwa iwo vuto lili potulutsa fayilo. Pali alpha ya straight, yomwe PNG imasunga, ndi ya premultiplied, yomwe EXR imagwiritsa ntchito. Pulogalamu ikawerenga premultiplied ngati straight, mzere umada. Ikasokoneza mobwerera, umawala. Iwo amati ujambulenso nyumbayo kumbuyo kulibe kanthu, kenako uiuze pulogalamuyo mtundu wa alpha womwe walowa.

Gulu lachiwirili likunena zoona, ndipo zitsulo za mawindo a mnyamata uja zinachitira umboni: atadya mask, theka lake linazimirira. Komabe oyambawo sitingawaweruze msanga. Kujambulanso nyumba yonse pa laputopu yotopa kumatha maola, magetsi akhoza kuthima ili pakati, mwini nyumba ali pafoni kufunsa. Mnyamatayo anasankha kuyambiranso, n'kuisiya laputopu ikulira usiku wonse.

Ojambula ena ayamba kuuza achibale kuti puloti aziijambula m'mawa kapena chakumadzulo, osati dzuwa lili paliwombo, ndiponso foni aziigwira chopingasa kuti mbali zonse za malowo zilowe.